Chitsononkho Chimene Chinachotsetsa Manesi Ntchito

Manesi anamuchotsa ntchito chifukwa cha chitsononkho. Musaseke, nkhani yake ndi yopsetsa mtima.

Kwawo ndi ku Chezi, ku Dowa. Mayeso a Folomu 4 analephera kawiri. Anayesa kulima fodya, fodya anamukana. Msuweni wake ndiye anamutengera ku Mozambique, ku loji ina ya m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene alendo amapita kukapuma ndi kukaphunzira kuimirira pa thabwa mafunde akuwakankha. Ntchito ya Manesi inali kuchapa matawulo.

Wophunzitsa alendowo anali Stefano, Mmalawi mnzake wa ku Salima, wodzimva ngati nyanjayo anaikumba yekha. Tsiku lina mafunde atakula, Stefano anasankhira alendo asanu malo osalala, opanda thovu. Manesi akuyanika matawulo anayang'ana madziwo, sanawakhulupirire. Kumapiri kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti mtsinje ukadzaza suwoloka usanaponye phesi, uone kumene madzi akukokera. Phesi panalibe, koma anali atangomaliza kudya chimanga chootcha. Anaponya chitsononkho. Chinathamanga molunjika kupita pakatikati pa nyanja, osabwerera.

"Achimwene, apa ayi. Madziwa akukoka."

"Iwe wakumapiri, nyanja unkaionera pa kalendala. Kusambira umatha?"

"Sinditha. Koma chitsononkho chija chili kuti?"

Alendo anaona nkhope ya Manesi, anakana kulowa. Mwini loji anamva mbali imodzi yokha, ya Stefano: wochapa waopseza makasitomala, watayanso zinyalala m'nyanja. Tsiku lomwelo chikwama chake chinali kunja kwa geti. Osamufunsa ngakhale funso limodzi! Munthu wapulumutsa anthu asanu, malipiro ake n'kumuthamangitsa ngati galu woba mazira.

Msuweni uja anati bwerera kumudzi.

"Ndikanene chiyani ku Chezi? Kuti ndalepheranso? Pano sindichoka."

Anapeza mbaula, n'kuyamba kuotcha chimanga m'mbali mwa msewu wopita kunyanja. Zitsononkho zinachuluka. M'mawa uliwonse ankanyamula thumba lodzaza, n'kumayenda gombe ndi gombe akuponya. Malo amene chitsononkho chabwerera kumchenga, ankawaloweza pamtima. Ankalowa mpaka m'chiuno, akupapasa pansi ndi mapazi kuti amve ngati pali miyala. Anazindikiranso kuti malo abwino lero amasanduka msampha madzi akaphwera, choncho gombe lililonse ankaliyesa kawiri pa tsiku.

Kusambira anaphunzira ali ndi zaka makumi atatu, akazi a asodzi akumugwira pamimba, akumuseka. Madzi amchere anamwa okwanira kudzaza diramu. Thabwa loyamba anachita kutola, lothyoka kumapeto, ndipo linamugwetsa miyezi inayi asanaimirire.

Alendo ogula chimanga ankamufunsa kumene angapite ndi ana osadziwa madzi. Ndi Chingerezi chomwe chija analephera nacho mayeso, ankawalongosolera: mchenga wokhawokha, mafunde ofika m'mawondo, gombe lotsetsereka pang'onopang'ono. Kenako anayamba kuwaperekeza. Kenako kuwaphunzitsa.

Chaka chisanathe, mlendo wina wa Stefano anakokedwa pa malo osalala aja. Anamupulumutsa ndi asodzi a m'bwato, ali kutali ngati kadontho. Mukuganiza kuti wina anapita kukapepesa kwa Manesi? Ayi ndithu. Mwini loji anangotuma mlonda kuti akamuuze kuti malo ake ochapa alipobe, akhoza kubwerera.

Manesi anali m'madzi, wagwirizira thabwa la kamtsikana kena kamene ankakaphunzitsa. Sanatuluke n'komwe.

"Mukawauze abwana kuti matawulo achape okha. Koma alendo osadziwa madzi awatumize kuno, asanaphe mwana wa eni."

Lero amawatumizadi, ngakhale moni sapereka. Manesi ali ndi mathabwa asanu ndi atatu, ndipo mng'ono wake Tiyamike anamuitanitsa kuchokera ku Chezi kuti adzaphunzire ntchitoyi.

Tsono inu amene akukunyozani chifukwa cha kumene munabadwira kapena pepala limene mulibe, kwiyani ndithu, n'koyenera. Koma musakwiyire pakhonde mutagwira tsaya, mkwiyo wotero sudyetsa munthu. Dzukani nawo m'mawa mukagwire nawo ntchito. Chimene mukudziwa n'chanu, ngakhale munachiphunzira powoloka mtsinje. Kupepesa musakudikire, sikubwera. Osataya mtima.