Mudzi umene ndinauchapira m'thumba

Foni inandipeza ndili pa shifiti, Lachisanu masana. Anali mnzanga wa ku yunivesite, amene pano ndi namwino ku Scarborough, kuno kutsidya kwa nyanja. Ngakhale moni sanapereke.

"Achemwali, a Malemu aja atisiya. Ulendo uno ndi zenizeni."

Ndinaseka, Mulungu andikhululukire.

Dzinalo tinawapatsa ndife, tili ophunzira ku Hamilton. Sukulu ikatsekera nyengo yotentha, tinkachita zisudzo m'maholo a matchalitchi momwe Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ankasonkhana. A Malemuwo sanali mwana wasukulu. Anali bambo wachikulire wonyamula makatoni ku Etobicoke, ndipo anali ndi chigalimoto. Ndisaname, tinawakondera chigalimotocho. Poti anali achibwibwi, m'sewero lathu la maliro tinawapatsa mbali yosafuna pakamwa: kugona pamphasa atafunditsidwa chitenje. Zaka zitatu akutifera Loweruka lililonse la tchuthi, osanyinyirika.

Ine ndinali wopereka mbiri ya malemu, ndipo pamenepo mpomwe anthu ankafa nalo phwete. Ndinkadzimva, inu!

Tsiku lina tikuyeserera, anandiitanira pambali, kapepala kali m'manja.

"Mayi, po-popereka mbiri paja, mu-muzitchulako kwathu."

Analembapo mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Anati angofuna kumva dzina la kwawo likutchulidwa pagulu, olo ali kunsi kwa chitenje. Ndinaliwerenga. Silinkaseketsa. Ine ndinali nditapeka kale langa, loti ukangolitchula holo yonse gwedegwede. Ndinati, "Chabwino, bambo," nkuponya kapepalako m'thumba la jinzi. Jinziyo inapita kochapa. Iwo sanakumbutsenso.

Tsono pano atamwalira zenizeni, a chipatala ankafuna abale. Pafomu, pamalo olemba wachibale, bambowo anasiya poyera. Popanda wodziwa kwawo, akanaikidwa konkuno, achibale awo osamva ngakhale uthenga wa maliro.

Lamulungu tinakumana atatu kunyumba kwa namwinoyo: iye, ine, ndi mnzathu wa ku Chipata amene ankakhala m'busa m'sewero lija. Tinayamba ndi kuseka. Tinakumbutsana tsiku lomwe a Malemu anabwera atatopa ndi ntchito, nagonadi tulo pansi pa chitenje, mkonono nkuyamba pemphero lili mkati. Tinakumbutsana momwe ankatitulira aliyense pakhomo pake, iwo nkubwerera okha ulendo wonse uja wa ku Etobicoke.

"Koma kwawo kunali kuti?" anafunsa namwino uja.

Tinayang'anana.

"Ine nenze kuganiza ni a kwathu ku Chipata," anatero m'busa wathu wakale.

"Ayi, amayankhula ngati a ku Dedza. Kapena Ntcheu?" anatero namwino.

Zaka zitatu m'galimoto mwawo, tikudya mabanzi awo, palibe anafunsapo. Mtima unandiwawa, ndipo ndinaulula za kapepala kaja. Namwino anandigwira dzanja mwamphamvu ngati akufuna mtsempha.

"Ndiye unaliwerenga, iwe. Takumbukira. Linkayamba ndi chiyani?"

Ndinatsinzina. Ndinaona inki yobiriwira. Ndinaona kuti kapepalako anakang'amba pa katoni. Ndinaona chala chawo chokhala ndi bandeji. Dzina lokha ndiye ayi.

Tinatumiza chithunzi chawo m'magulu onse a pafoni, kuno ndi kumudzi. Ambiri anayankha kuti, "Aa, si a Malemu a m'sewero aja?" Basi. Chimene anthu ankadziwa za iwo ndi chomwe tinawaveka ifeyo.

Tinawaika pakati pa sabata, kukuwomba kamphepo kozizira, anthu osadzaza ngakhale benchi ziwiri. M'busa weniweni atamaliza pemphero anafunsa mwa mwambo wake: "Ndani atipatse mbiri ya malemu?"

Anzanga awiri aja anatembenukira kwa ine. Chizolowezi.

Ndinaimirira. Chimene chinabwera pakamwa ndi mbiri ya m'sewero ija, yonse yathunthu, ndi dzina la mudzi wanga wabodza uja, osasowa ngakhale liwu limodzi. Ndinaluma mlomo mpaka kumva magazi. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

"Bambowa anali ndi kwawo," ndinatero. "Anandiuza."

M'busa anadikira kuti ndipitirize. Ine ndinakhala pansi.