Phokoso lopsereza chotupa

Aise, inu anzanga a pa siteji ya kabaza ku Mitundu amene mumati ndikangoyasamula limatuluka ndi bodza, lero ndikubetcha njinga yanga. Kunja kuno kuli makina opha chotupa m'mimba mwa munthu popanda mpeni. Osang'amba, osasoka, magazi osaoneka ngakhale dontho.

Mwayamba kale kuseka eti? Chabwino, ndine ndemwe ndinati ndinapalasa kuchoka ku Nathenje mpaka Diamphwe nditakweza nkhumba zitatu ndi abusa pamwamba. Koma izi ndaona ndi maso angawa Lachiwiri, pa kanema amene ananditumizira pafoni msuweni wanga Tiyamike, namwino amene akuwonjezera sukulu kunja.

Wodwala amugoneka m'chimakina choonetsa zam'kati mwa thupi. Dokotala ali phee pa kompyuta, chotupa chikuoneka ngati mbatata. Kenako akulozetsa pamenepo mafunde a phokoso, koma phokoso loti khutu silimva. Mafundewo akudutsa khungu osaliwotcha, n'kukakumana pa kamalo kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo pokhapo ndi pomwe pakutentha. Njere iyi, kenako iyo, mpaka mbali yaikulu ya chotupa yapsa.

"Ukukumbuka tinkaba magalasi a aphunzitsi n'kumaboola tsamba la fodya ndi dzuwa?" anatero Tiyamike pafoni. "N'zomwezo, kungoti apa si dzuwa."

Ine kukamwa yasa. Munthu kupanga moto ndi phokoso, m'kati mwa munthu mnzake, akuona pomwe akuwotcha! Mutu wa munthu uli ndi zinthu, abale.

Ndinathamangira kumsika kwa azakhali anga, anaBanda a tomato aja. Kuchipatala anawapeza ndi chotupa m'chiberekero n'kuwauza za opaleshoni. Atangomva kuti "kung'amba", anatuluka ngati akupita kukataya madzi, osabwereranso. Ndiye ine ndi pakamwa pangapa ndinathira mchere: ndinati makinawo amasungunula chotupa munthu akudya chipisi.

"Zikomo mwana wa achimwene," anatero akumanga chitenje pamimba potupapo. "Ndiye ndingodikira makinawo."

Ndinaimbira Tiyamike pompo.

"Amayi, musamvere chitsiru chimenecho," mawu anatuluka pafoni msika wonse ukumva. "Si chotupa chilichonse chimatheka ndi makinawo, ndipo kuchipatala kwanuko kulibe. Magazi mukutayawo sadikira ndege."

Azakhali anangoyamba kutembenuza tomato mmodzi yemweyo.

Kodi ndi angati kuno amene akuyenda ndi mbatata zawo pansi pa chitenje kapena malaya, chifukwa choopa mpeni? Timalolera kumwa mizu, kutema mphini ndi lezala ladzimbiri, koma dokotala akangoti opaleshoni, liwiro. Makinawo ndi odabwitsa, ndipo ndikulakalaka adzafike ine ndili moyo. Koma Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nanga azakhali zatha bwanji? Apa ndiye pali kankhani kamene sindimafuna mumve.

Kuyambira nthawi yothyola fodya ndili ndi kachotupa kukhwapa, ndipo sindinauze aliyense. Lachitatu masana ndinapita kometera tsitsi kuja kuli sipika yaikulu ngati kabati. Ndinakweza mkono, n'kugunditsa khwapa pa sipika, n'kuuza wometa kuti, "Kwezani voliyumu, bwana, nyimboyi imandiwaza." Nyimbo zisanu ndi ziwiri, aise, ndili chikwezere mkono ngati ndikufuna kuyankha funso.

Ndi mmene anandipezera azakhali. Anandigwira khutu, n'kupapasa kukhwapako okha, anthu akuonerera.

"Kodi mantha athuwa ndi akumtundu eti? Mawa tonse awiri kuchipatala. Undikweza ndiwe."

Tapita, ndipo iwo awapatsa tsiku la opaleshoni. Changacho akuti achiunikabe. Koma amene angakuuzeni kuti ndinakomoka nditaona jakisoni, akunena zoona.