Tsiku limene anandisandutsa Mzukwa

Ndikukumbukira bwinobwino, ndinali Sitandade 5 ku Mchinji, ndipo mpaka lero ndikaganiza mtima umawira. Chandikumbutsa ndi kamtsikana ka pa nyumba imene ndimalondera kuno ku Dubai Sports City. Kanakhala pansi pafupi ndi tebulo langa, kakulemba za kusukulu. Kanandiuza kuti ndi nkhani yakalekale ya ku Amerika, ya mizukwa, aphunzitsi ake akuti kafotokoze ampangankhani ndi phunziro lake. Ndinangoti mhm.

Ifenso tinaphunzirapo yotero. Aphunzitsi athu, a Kamanga, anali ndi kabuku kothothoka kamene anasiya mzungu wina. Ankawerenga Chingerezi n'kumatimasulira. Munali bambo wina wokhala yekha m'chinyumba chakugwa kumapeto kwa tauni, wosalankhula ndi munthu. Anthu anayamba kunong'ona kuti ameneyu anafa kale, akuyendayu ndi mzukwa. Ana ankamugenda, ogulitsa ankamukaniza malonda.

A Kamanga anatifunsa: "Woipa ndani m'nkhaniyi?" Tonse tinakuwa kuti mzukwa. Anati ayi. Mulibe mzukwa m'menemu, anaupanga ndi pakamwa pa anthu. Anafotokoza bwino, zoona, sindingawanamizire.

Kenaka anati tichite sewero. Anayang'ana kalasi yonse, diso n'kuima pa ine. Ndinali wowonda ngati bango, ndinali nditangodzuka kumene pa malungo, maso olowa m'kati.

"Yohane, iwe sufunikanso zovala, wakwana kale."

Kalasi inafa ndi phwete. Anandipaka choko kumaso, fumbi lake likundilowa m'mphuno, n'kundifunditsa thumba la feteleza. Anzanga ankandigenda ndi zitsononkho, aphunzitsi akuwomba m'manja.

Sewero linatha, dzina silinathe. Mzukwa, Mzukwa, mpaka kumjigo. Pa benchi anayamba kundisiyira malo aakulu. Zitumbuwa zimene mayi ankanditumiza kukagulitsa pa buleki zinkabwerera zonse. Ndani angadye za mzukwa?

Mayi anapita kusukulu. "Aphunzitsi, dzina mwamupatsa ndinu, mumuchotsenso ndinu."

"Amayi, ndi masewera chabe, ana aiwala."

Sanaiwale. Tsiku lina Laitoni, mnyamata wamkulu wa m'kalasi mwathu, anandithira phulusa kumutu akuti ndibwerere kumanda. Ndinamugulula dzino ndi mwala. Amene anachotsedwa sukulu ndi ine. Sukulu yanga inathera pomwepo, n'chifukwa chake ndikutsegulira anthu zitseko ndi imvi kumutu.

Chimandipsetsa mtima si Laitoni ayi. Ndi munthu amene ankadziwa bwino phunziro la nkhani ija, analilemba ndi pa bolodi, n'kutembenuka kuchita zomwezo pa mwana wa eni. Ndazindikira kuti kudziwa tanthauzo la nkhani sikuletsa munthu nkhanza. Amangokhoza mayeso basi.

Kumene timagona ku Al Quoz anyamata amakonda kupatsana maina. Mwezi watha kunabwera mnyamata wa ku Chipata, wachibwibwi, ena anayamba kale kumuyeseza. Ndinamenya chitseko.

"Khalas! Basi! Mwana uyu dzina lake ndi Mabvuto. Wina amutchule china, aona."

Amati mdala ameneyu ndi wovuta. Ndine wovutadi, ndipo Mabvuto akutchedwabe Mabvuto.