Mkulu wodziwa mazira a nsomba

Kuseri kwa nyumba ya mayi wina wosoka zovala kumakhala bambo wachikulire amene anagwira ntchito yoweta nsomba mpaka kumera imvi. Mkuluyu sadya nsomba asanaione m'mimba. M'thumba la malaya ake simusowa kagalasi kokuzira zinthu, ndipo nsomba yaikazi amaitchula kuti "mayi awa", ngati ndi mlamu wake.

Chaka chatha mayi wosoka uja anakumbitsa dziwe n'kuikamo nsomba, koma panatha miyezi isanu osaona kamwana ka nsomba ngakhale kamodzi. Amuna ake anatopa, nati alikwirire abzalepo ndiwo zamasamba. Mayiyo anavuula nsomba imodzi n'kupita nayo kwa mkuluyo, misozi ili pafupi.

"Bambo, nsomba zangazi n'zosabereka."

Mkuluyo anaitumbula mosamala, n'kutulutsa timatumba tiwiri totalika. Anamupatsa kagalasi kaja.

"Tayang'ana, mwana wanga. Toyera ngati mchengati ndi timazira tongoyamba kumene. Achikasuwa ndiye akhuta, atsala pang'ono. Dzira lililonse lili m'kachikopa kake kopyapyala kamene kamalilera, ndipo likakhwima kamang'ambika kuti lituluke. Anzawo a mayi awa akungodikira kuti madzi afunde. Ukawauze amuna ako khasu alisiye kaye."

Patatha milungu itatu, mayiyo popita kukadyetsa nsomba anapeza m'mbali mwa dziwe muli bii ndi tiana. Anakuwa mpaka amuna ake anabwera chothamanga. Amuna akewo anayang'anitsitsa m'madzimo, kenako anafunsa chapansipansi kuti dziwe lachiwiri akumbe pati.