Choko pa Mgolo wa Pakona

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse za bambowa. Anakalambira pa ntchito yopanga vinyo, koma palibe amene anawaonapo akumeza ngakhale dontho. Ankalawa, kuzunguza m'kamwa, n'kulavulira m'chidebe. Sanali a mpingo woletsa mowa. Akafunsidwa ankangoti munthu womeza amalawa mgolo woyamba wokha, yotsatirayo amangoivomereza.

Antchito ankawatcha a Mphuno. Analowa pakampani ya vinyoyo ngati wothyola mphesa, kenako anawaika kotsuka migolo, ndipo anakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala wosankha vinyo woyenera kulowa m'botolo. Ena amati anali katswiri. Chodziwika n'chakuti ankalawirira kuntchito ndipo sankakonda nkhani. A Mphunowo ankati vinyo amadzipanga yekha, ntchito ya munthu ndi kutsuka mgolo, kutseka kuti mpweya usalowe, basi n'kudikira. Abwana akawafulumizitsa, iwo ankangowayang'ana nsapato mpaka abwanawo atuluke.

Mwana wawo wamkazi ndiye ankagwira nawo ntchito m'chipinda cha migolo, chozizira, chopanda zenera, pansi pake ponyowa nthawi zonse. Anamuletsa mafuta ndi sopo wonunkhira kuyambira ali mtsikana. Mwamuna wake, woyendetsa lole ya pakampanipo, ankaseka kuti anakwatira mkazi wa fungo la mgolo. Apongozi akewo akamva ankati naye ndi dizilo yekhayekha, aziimira panja.

Nthawi yosakaniza vinyo ikafika, a Mphuno ankayenda mzere ndi mzere, tambula ndi choko m'manja, mwanayo akutsatira ndi chidebe. Mgolo wabwino ankaulemba chizindikiro chozungulira, woipa ankaulemba mtanda. Yonse yabwino inkathiridwa m'thanki imodzi yaikulu. Zimene a Mphuno alemba sizinkafufutidwa ndi munthu aliyense, ngakhale abwana.

Chaka china anadwala chimfine chachikulu, nachira, nabwerera kuntchito. Tsiku lolawa, atafika kumapeto kwa mzere woyamba, mwanayo anazindikira kuti chidebe chikupepuka. Anasuzumiramo. Chinali chouma. Bambo ake anali kumeza. Ankasunga vinyo m'kamwa nthawi yaitali, maso ali pakhoma, kenako n'kumeza pang'onopang'ono ngati akumutsatira kukhosi kuti mwina akamupeza kumeneko.

Pakona panali mgolo umene chitsekero chake chinamasuka. Mwanayo anamva fungo la kusasa asanaufike n'komwe. Bambo ake analawa, anagwedeza mutu, nalemba chozungulira. Iye ankadziwa kuti mgolo umenewo ukalowa m'thanki, vinyo wa chaka chonse wapita.

Sanamve mantha, sanamvenso chisoni. Anangoona manja ake akutsuka matambula ngati manja a munthu wina. Anthu atapita kukadya nkhomaliro, anabwerera pakonapo, analawa, analavula, anafufuta chokocho ndi chikhatho, nalemba mtanda.

M'mawa mwake, anthu opopa vinyo asanalumikize mapaipi, mwanayo anapeza bambo ake ataima pamgolowo, manja kumbuyo. Mtanda wawo unkakhala wopendekeka. Uwu unali woongoka, wa kusukulu.

"Mtanda uwu si wanga," anatero.

"Ndi wanga, bambo."

"Unalawa?"

"Ndinalawa. Wasasa."

"Pang'ono?"

"Fungo likumvekera pakhomo."

A Mphuno anakoka mpweya ndi mphuno, kawiri konse. Kenako anamuuza, mawu ali pansi ngati akunena za mvula, kuti chichokereni chimfinecho chilichonse kwa iwo ndi madzi ozizira, vinyo, tiyi, ngakhale utsi wa moto. Ankayembekeza kuti zibwerera. Mwanayo anati mwina akuchipatala angathandize.

"Yambira koyamba, mayi," anatero a Mphuno. "Yonse."

Anauza opopa kuti akadikire panja. Mwanayo anatenga tambula, iwo ananyamula chidebe n'kumamutsatira. Anapezanso migolo ingapo yosayenera kulowa m'thanki, ndipo pa uliwonse ankafufuta zolemba za bambo ake, eni ake ali chiimire pambali. Sanatsutse. Kamodzi kokha anamuuza kuti asagwire tambula ndi dzanja lonse, akufunditsa vinyo. Anasintha kagwiridwe, napitiriza.

Atamaliza, a Mphuno anataya za m'chidebe, anachitsuka bwinobwino, nachivundikira pamalo pake. Anavula majombo, anawaika mondondozana pansi pa benchi, navala nsapato zawo. Abwana anawaitana ali pakhonde la ofesi kuti afunse chifukwa chimene opopa akhalira pansi. Iwo analoza kumbuyo ndi chala, kuti mafunso apite kwa mwanayo, osaima.

Mwanayo, ataima pakhomo, anawaona akudutsa pakati pa mizere ya mphesa, jekete ili paphewa. Anaganiza zowathamangira, koma opopa anali atalowa, pampu itayamba kale kulira, ndipo thanki siisiyidwa yokha ikamadzaza. Anaima pamenepo, dzanja lili papaipi, akumva vinyo akudutsa mkati.

Mlonda wa pageti anati a Mphuno atafika pamsewu anakhotera kumanzere, pomwe kwawo n'kumanja. Kunyumba sanafike. Mkamwini wawo anazungulira ndi lole kudepoti ya mabasi, kuchipatala ndi kwa achibale, koma palibe amene anawaona kapena kudziwa kumene analowera.