Mchere wa NyaShaba

Ku Jenda aliyense amene anagulapo benchi kapena chitseko amawadziwa a Goodson Zimba, kalipentala wa shedi ya malata ili m'mbali mwa msewu waukulu. Amawadziwanso pa chinthu china. Dzuwa likangofika pamutu, ngakhale kasitomala ali pakati ponenerera, mkuluyu amaika sowo pansi, kusasa utuchi kumutu, n'kukwera njinga. A kabaza amene amaima pa siteji amakuwa kuti, "Amama akupita kukaphika!" Iwo satembenuka n'komwe.

Ine ndinawadziwa chifukwa cha mpanda. Ndine mphunzitsi wa ku Dedza, ndipo boma litanditumiza kuno ndinapeza nyumba ya lendi yogundizana ndi yawo. Mpanda wa udzu wotilekanitsa unali wothothoka, ndiye musanditche wosuzumira za eni. Zinthu zinkabwera zokha m'maso mwanga.

A Goodson anabadwira kumudzi kufupi ndi Embangweni, anakulira kumbuyo kwa ng'ombe za bambo awo, kenaka anakhala zaka zambiri ku Chikangawa akucheka matabwa. Anzawo ambiri analowera ku Joni, koma iwo anati sangathe kukhala dziko limene sangalawe ndiwo za akazi awo. Moyo wonsewo sanagwirepo mthiko. Kwawoko mwamuna akapezeka kukhitchini nkhani yake imakambidwa mpaka pamaliro.

Ndipo akanaugwiriranji mthikowo? Akazi awo, mayi Fyness, amene aliyense amawaitana kuti NyaShaba monga amaitanira amayi kuno potchula mfunda wa bambo awo, anali katswiri wa mapoto. Paukwati, pamaliro, pamsonkhano wa amayi a kutchalitchi, ena ankasenda ndi kutakasa, koma kachitini ka mchere kankadikira iwo. Anthu ankati NyaShaba akathira mchere, wowonjezera ndi wamwano.

Chaka changa chachiwiri kuno, NyaShaba anagwa akusesa pabwalo. Inali sitiroko. Anabwerako kuchipatala dzanja lamanja ndi mwendo zili zakufa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka limodzilimodzi. Mwana wawo wamkazi, Temwa, anabwera kuchokera ku Mzuzu n'kuwasamala, koma nayenso ali ndi banja ndi ana, anabwerera. Ife achinansi tinkapititsa mbale masiku oyambawo, koma tisanamizane, chifundo chathu sichinachedwe kutopa. Makamaka masana panalibe munthu. Ine ndinali m'kalasi, ena kumunda, ena akugulitsa tomato kumsika. Wotsala anali a Goodson okha, ndi kanthawi kochepa kamene angabe kushedi.

Zimene ndinkamva kununkha ndikaweruka masiku amenewo, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Tsiku lina anapsereza mpunga mpaka galu wanga anasamuka pakhonde. Nsima inkatuluka ya timibulu ta ufa, ndipo ngakhale ikanapsa bwino, NyaShaba ankaikana. Kutema nsima ndi dzanja lamanzere kunkawachititsa manyazi, moti ankangotembenukira kukhoma. Apa m'pamene a Goodson anazindikira kuti masana afunika chakudya chofewa, chodya ndi supuni, ndiponso chosachedwa pamoto.

Anawakhomera akazi awo mpando wa mikono yotambalala, n'kuuika pakhonde moyang'anana ndi mbaula. Sukulu inayambira pamenepo. Wophunzira anali wa imvi, mphunzitsi ankalankhula ndi theka la pakamwa, koma ine amene ndaphunzitsa ana zaka zonsezi sindinaonepo kalasi yomvera chotero.

Anayamba ndi futali. Mbatata amasenda, n'kuidula tizidutswa tofanana ngati wachita kuyeza ndi tepi, pakuti ukalipentala suchoka m'manja, ndipo todula ting'onoting'ono sitichedwa kupsa. Madzi pang'ono, osamiza mbatata. Ikafewa amathira nsinjiro, kuvindikira, kenaka kutakasa pang'onopang'ono mpaka zigwirane. Nsinjirozo amasinjiratu Loweruka n'kusunga m'botolo. Tsiku lina ndi kachewere, pakuti ku Jenda kachewere ndi tomato zimachita kukupunthwitsa: amawiritsa kachewere, amakazinga anyezi ndi tomato pambali, n'kuswera dzira momwemo. Nyemba zikatsala usiku, masana amatenthetsa n'kuphwanyiramo chinangwa chowiritsa. Nthawi ya maungu, ndi maungu otendera. Moto amaukwirira ndi phulusa pochoka m'mawa, pobwera amangoufukula n'kuponyapo tizidutswa ta matabwa tochokera kushedi. Ine ndikamafika kunyumba kudzayamba kuganiza chophika, anzanga amakhala akutsuka mbale.

Koma masiku amene ndinkakhala pakhomo, Loweruka ndi pa tchuthi, ndinkaona chinthu chimodzi chimene sindinkachimvetsa. Chakudya chikatsala pang'ono kupsa, a Goodson ankaphula poto, kupita nayo pa mpando paja, n'kunjuta. NyaShaba ankatapa mchere m'kachitini ndi zala za kumanzere n'kuwaza. Kamchere kake kanali kochepa, pakuti kuchipatala anawaletsa wambiri, koma tsiku lililonse zinali choncho. Tsiku lina pakamwa panga panandiyabwa.

"Bambo Zimba," ndinatero ndili kuseri kwa mpanda, "zonsezi mwazidziwa, mchere wokha ndiye ukukukanikani?"

"A Madamu," anayankha akupukuta thukuta, "ine ndine manja chabe. Wophika ndi uyo wathira mchere."

Ndinaseka, ndinkayesa nthabwala.

Mavuto anabwera nthawi yokolola. Kuno kuli mwambo umene mabanja ena akadaugwirabe, umatchedwa mbirigha. Akuchikazi akaona kuti mkamwini ndi wakhalidwe, kapena kuti mwana wawo wafooka, amapereka mng'ono wake wa mkaziyo kuti akhale mkazi wachiwiri. Ndinamva kuti a Stafford, mlongo wamkulu wa NyaShaba, atumiza mawu kuti Loweruka abwera ndi Sellah, mng'ono wa NyaShaba amene ukwati wake unatha ndipo ankangokhala kumudzi. Ine wa ku Dedza, kumene mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, sindinadikire kumva zambiri. Ndinalowera pachipata mosaodira, ndikufuna kukamutukwana Stafford pamaso pa mlongo wake, iyeyo asanafike n'komwe.

NyaShaba anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenaka anati, mawu akukoka, "Ndine... ndawaitana."

Ndinakhala pansi. Pang'onopang'ono anandifotokozera. Mawu a kabaza aja ankawafika, pakuti amayi odzazonda sabisa kanthu. Anaona chipsera cha mafuta pa dzanja la amuna awo. Anamva kuti kasitomala wina anapita kwa kalipentala wina chifukwa anapeza shedi yotseka masana. "Mwanalume pa mbaula," anatero, misozi ikutsika mbali imodzi, "soni chomene, manyazi. Ine ndatha. Aphikiridwe."

Ndinamva chisoni, komanso ndinakwiya, osadziwa wokwiyira. Zinali zoonekeratu kuti Sellah akalowa m'nyumba muja ngati mkazi, NyaShaba adzangotsala wodwala wa pakhonde, wopatsidwa mbale n'kuuzidwa kuti idyani. Ndipo mwini wake ndiye anali kutsegula chitseko.

Loweruka a Goodson anandipempha mbale zapadera za alendo. Ndinapititsa, ndipo ndinaiwala kubwerera. A Stafford anali munthu wamtali wa jekete, wolankhula modekha, osati chilombo chimene ndinkayembekezera. Sellah anakhala pamkeka, mutu uli pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. Kungomuona unkadziwa kuti nayenso wangotsatira mawu a akuluakulu.

Atatha malonje, a Stafford anayamba. "Alamu, mwatisungira mlongo wathu, yewo chomene. Palibe amene sakuona. Koma mwanalume sangakalambire pa mbaula abale a mkazi tilipo. Mbwenu tabwera naye Sellah, ndipo mwini nyumba wavomera."

A Goodson anayang'ana akazi awo. NyaShaba anayang'ana kukhoma. Kenaka mkulu uja anakweza maso kumwamba ngati kuti nkhaniyo yalembedwa pa dzuwa.

"Ndamva, alamu," anatero. "Koma nthawi yakwana. Tiyambe tadya."

Sellah anadzuka kuti akagwire poto, koma anamubweza. "Khalani, mlamu, ndinu mlendo." Ndiye alendo a ulemu aja anakhala n'kumaonerera mkamwini wawo akufukula moto, kusenda mbatata, kuthira nsinjiro. A Stafford ankangosuntha chipewa kuchoka pa bondo ili kupita pa linalo. Fungo la futali litayamba kumveka, a Goodson anaphula poto, anapita pa mpando paja, n'kunjuta monga mwa masiku onse.

NyaShaba sanatape. Anakankha kachitini ndi dzanja lamanzere kulozetsa pamkeka. "Mpatseni... Sellah."

Sellah anabisa manja onse m'chitenje. A Goodson anakhalabe chinjutire, poto ili m'manja, nthunzi ikuwapita kumaso. Ataona kuti akazi awo sakutembenuka, anadzuka, anapakula futali uja momwemo, anagawa mbale, ndipo anapempha a Stafford kuti apemphere.

Inu amene munadyapo futali wopanda mchere mukudziwa kuti amangozungulira m'kamwa osafuna kutsika. A Stafford anatafuna, anameza movutikira, anayesanso. Kenaka ulemu unawathera.

"Alamu, ndapota, kamchere."

"Mchere ulipo, alamu, ndi uwo uli apowo," anayankha a Goodson osakweza mawu. "Koma mwini wake wakana. Ine m'nyumba muno sindinathirepo mchere, ndipo wothira munthu wina sindidya. Ngati NyaShaba watopa, mbwenu tizidya choncho, lero, mawa, mpaka mmodzi wa ife adzapite."

Atatero anatapa supuni yodzaza n'kudya ngati akudya zokoma.

Ine maso anga anali pa NyaShaba. Ndinaona mlomo wawo ukunjenjemera, ndipo ndinati basi, ayamba kulira. Koma ayi. Ankayang'ana mbale ya mlongo wawo, ankayang'ana Sellah akukankha mbatata ndi supuni, ankayang'ana ine mlendo wa ku Dedza ndikumeza ndi madzi. Mayi amene anadyetsa maukwati a Jenda yense, lero alendo akudya zopanda mchere pakhonde pake! Sichinali chisoni chimene ndinkachiona chija, unali ukali weniweni.

"Awiske Temwa," anatero, kuitana amuna awo monga amachitira kuno, potchula dzina la mwana. "Mukundichititsa... manyazi. Bweretsani."

A Goodson sanafunse kuti abweretse chiyani. Anatenga mbale ya a Stafford, anapita nayo pa mpando, ananjuta. Zala zija zinalowa m'kachitini n'kuwaza. Anatenga ya Sellah, chimodzimodzi. Yanga. Yawo. Pomaliza ya NyaShaba mwini, imene anangoikhudzitsa timibulu towerengeka. Sellah anayamba kuseka, kusekako kunasanduka kulira, ndipo anakwawa n'kukagoneka mutu pa maondo a mkulu wake.

A Stafford anatakasa futali wawo, analawa, anagwedeza mutu. "Dzanja ili silinasinthe," anatero. Anadya mbale yonse n'kupempha wina. Nkhani imene anabwerera sanaitchulenso, ndipo palibe anawakumbutsa. Madzulo a Goodson anawaperekeza ku siteji, Sellah atasenza kampando katsopano kamene mlamu wake anampatsa.

Sindikunena kuti zinthu zinasanduka zabwino zokhazokha. Dzanja lija silinadzuke, mwendo ukadali wokoka, ndipo a kabaza akadakuwabe, pakuti pakamwa pa anthu sipatsekeka. Makasitomala ena anazolowera kubwera m'mawa, ena anapitiratu. Ndimati ndikakhala pandekha ndimaganiza kuti tonsefe, ine, Stafford, ngakhale NyaShaba mwini, tinkayesa kuti nkhani ndi yakuti a Goodson apeze wowaphikira. Mwini wakeyo ankaopa china, kuti akazi awo angasiye kukhala mayi wa nyumba ija akadali moyo.

Lolemba lotsatira ndinaweruka msanga chifukwa ana ankalemba mayeso. Ndikutsegula chitseko changa ndinamva mbaula ikuthetheka kuseri kwa mpanda, kenaka mawu okoka koma okwera, omveka mpaka kumsewu: "Awiske Temwa! Madzi... mwachulutsanso!"

"Yewo, NyaShaba," anayankha mkulu uja, ndipo ndinamva akukhuthulako madzi pansi.

Ndinaima pakhomo kiyi ali m'manja. Chigwereni pabwalo paja, ndinali ndisanawamveko NyaShaba akukalipa.