Wezulo ya Agogo ndi Foni ya Saidi

Fungo la masamba a tiyi akamauma ku fakitale likandipeza, ndimawaona agogo anga aamuna, a Namakhwa, Lamlungu masana atachoka kutchalitchi, akupinda buluku mpaka m'mawondo, wezulo ikulendewera pakhosi pa chingwe cha nsapato, chiperoni chikutsika m'mapiri n'kukwirira minda mpaka mitengo ya bulugamu kungooneka mitu yokha. Masiku ena onse anali munthu wamba wodulira tiyi, wa manja okakala ngati khungwa. Koma pabwalo la kumalaini, kumene tinkakhala mabanja a antchito a pa esiteti, ngakhale kapitawo ankawatchula kuti "a Refa".

Magolo athu anali mitengo iwiri ndi nsungwi pamwamba, opanda ukonde. Mpira ukadutsa mothamanga m'nkhungu, palibe ankadziwa bwino ngati walowa kapena wapita kunja. Agogo sankavutika nazo. Ankayenda pang'onopang'ono mpaka kwa goloboyi, n'kumuyang'ana m'maso: "Mwanawe, wadutsa pati?" Chimene wanena goloboyi chinali chomwecho. Ankati, "Ukonde wathu ndi pakamwa pa goloboyi." Anthu ankaseka, komatu zaka zonsezo pabwalopo sipanabukepo ndewu.

Chaka chimene mavidiyo a ku Luchenza anayamba kuonetsa oyimbira mpira akuthamangira pa kanema kukaonanso zomwe zachitika, zija amati VAR, ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, goloboyi wa timu ya kumalaini. Tinkasewera ndi a ku Kapichi, nthawi itatsala pang'ono, chigoli palibe. Mpira unabwera wamoto, unandikhudza nsonga za zala n'kudutsa m'kati mwa golo, pafupi ndi mtengo. Ndinauona bwinobwino.

"Mwanawe, wadutsa pati?"

"Kunja, agogo."

Anaimba wezulo kuti masewero apitirire. Apo m'pamene Saidi, wakabaza amene anabweretsa osewera awiri a ku Kapichi, analowa m'bwalo foni ili m'mwamba, dzanja linalo likulemba bokosi m'malere monga amachitira oyimbira a pa kanema. "VAR, madala! Ndajambula ine, onani nokha!" Anthu anaunjikana pa foniyo ngati nyerere pa nzimbe.

Agogo anailandira, anaitalikitsa kumaso poti maso anali atayamba kuchita chidima, anaonera kawiri. Kenako anaibweza ndi manja awiri n'kubwerera kwa ine. Mawu anali omwe aja, ofatsa.

"Mwina sindinamve bwino, makutuwa akalamba. Wadutsa pati?"

Ndinaweramitsa mutu. "M'kati, agogo."

Analoza pakati pa bwalo: chigoli. Ine anandilozera kunja kwa bwalo, poti makadi analibe, chala chinkakwanira. Koma anthu anali atayamba kale kulankhula. "Amakondera mdzukulu!" "Akalamba awa, akapume!" Sabata isanathe a komiti ya mpira anabwera kunyumba kudzatenga wezulo, anakaipereka kwa mphunzitsi wina wachinyamata. Kuyambira pamenepo chigoli chilichonse chinkayamba chadikira mafoni atatu, iliyonse ikuonetsa zake.

Tsiku la chigoli chija, pobwerera kunyumba, ndinkadikira mbama. Tinadutsa m'kanjira ka pakati pa tiyi, masamba onyowa akutikwapula m'ntchafu, iwo patsogolo ine pambuyo. Titayandikira pakhomo anangoti, osacheuka, "Foni ija yanena zoona, koma siinachite manyazi. Iwe wachita. Ndiye kuti ukadali munthu." Atatero anandituma kukatunga madzi.

Ndinkawakonda kwambiri agogo aja, ndipo zinkandiwawa kuwaona Lamlungu lililonse ataima kunja kwa bwalo pamodzi ndi oonerera, munthu akagwetsedwa dzanja lawo n'kuthamangira pachifuwa pomwe panalibenso kanthu.

Lero anzanga akamakangana kuti VAR aikonze kapena angoithetsa, amandifunsa mbali yanga. Ndimati aisiye, angoifulumizitsa, chifukwa foni ya Saidi sinaname. Wonama ndinali ine. Ndimagwirabe pagolo Loweruka ku Luchenza, ndipo mpira ukalowa ndimakweza dzanja ndisanafunsidwe, anzanga n'kumandizazira kuti ndikugulitsa timu. Azizaza. Sadziwa kuti ndinagulitsapo kale chinthu chachikulu, wezulo ya munthu amene anandikhulupirira pamaso pa khamu lonse, ndipo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, agogo sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi.